Mawu Amene Ndinasungira Lachiwiri

Lachisanu

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi la pafupi ndi sinki yodontha. Dokotala wa zapakhosi wandiuza kuti ndichepetse kuyankhula mpaka aone chimene chamera m'kholingo mwanga. Mlongo wanga wamng'ono, amene akundidikirira kuno, waseka mpaka kupukuta misozi. Akuti zaka zonsezi anthu akhala akupempherera kuti nditseke pakamwa, lero yankho labwera kudzera mwa dokotala. Ndiye wandigulira kope ili kuti zokalipa zanga ndizichita kulemba.

Mawu anayamba kusasa kalekale. Ndinkati ndi utsi wa kushopu, poti ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo: mageti, mawindo, mabedi. Kenako chakudya chinayamba kukakamira pakhosi. Sikelo ya kuno ikuti ndatsika kwambiri, koma lamba wanga ananena kale zimenezo.

Atenga magazi mabotolo awiri. Kuthamanga kwa magazi kuli bwino.

Mwana wanga sakudziwa kuti ndili kuno. Ndamuletsa mlongo wangayo kumuuza.

Loweruka

Amatidzutsa m'mamawa: kuyeza kutentha kwa thupi, mankhwala, kenako okolopa. Namwino wamkulu anthu amamutcha Kamphepo. Ukamuona akudutsa, pomwe udzutse mutu ali kale kuwodi ina.

Kumanja kwanga kuli Aphunzitsi, anapuma ntchito. Anawang'amba pamimba ndipo chilonda chikukana kupola. Amawerenga nyuzipepala mokweza, ndi mauthenga a maliro omwe. Kumanzere kuli Kondakitala, nsagwada anazimanga ndi waya, anagwa basi ikuyenda. Iye sangathe kuyankhula, ine andiletsa. Aphunzitsi apeza kalasi yomvera kuposa onse amene anaphunzitsapo.

Chimene ndinayamba kufufuza nditangolowa ndi TV. Ilipo, pakona, m'khola lachitsulo. Amene anawotcherera kholalo akanakhala wantchito wanga ndikanamubweza kwawo tsiku lomwelo, mfundo zake zili ngati zitosi za nkhuku. Koma TV ikugwira. Rimoti amasunga Kamphepo m'thumba la yunifomu. Ndamulembera pakapepala kuti, "Lachiwiri madzulo, sewero la apolisi, chonde." Wawerenga n'kunena kuti, "Tiona, bambo." Tiona wa namwino sindimukhulupirira.

Lamlungu

Alendo ambiri lero. Akazi awo a Aphunzitsi abweretsa nkhuku ndi mpunga, fungo lokha landizunza. Ine langa ndi phala lamadzimadzi, supuni imodzi, kupuma, supuni ina.

Aphunzitsi andifunsa chimene munthu wamkulu ngati ine ndikufera sewero la pa TV. Ndawalembera pang'ono, zotsala ndilembe muno.

Choyamba, sewerolo ndi labwino, wotsutsa abwere. Apolisi ake si aja othamanga pamadenga ndi mfuti ziwiriziwiri. Inspekita wake ndi mdala wa kamimba, jekete limodzi chaka chonse, galimoto yake siilira pokhapokha aikankhe. Akafika pakhomo pa munthu amene akumukayikira sakalipa. Amakhala pansi, amapempha madzi akumwa, amafunsa za ana, munthu n'kumangoyankhula mpaka kudzimanga yekha. Sajeni wake ndi mayi wapakamwa, akulera ana yekha, amafika kuntchito mochedwa nsapato zili m'manja. Ndipo anthu amenewa amalakwitsa. Gawo lina anatsekera munthu wosalakwa, Inspekita anapita yekha kukapepesa, mkazi wa munthuyo n'kumutsekera chitseko kumaso. Tsiku limenelo ndinalira, n'kunamizira utsi. Akaonetsanso munthu akugwira ntchito amakhala akugwiradi. Wakuba wina ankadula zitsulo za pawindo, ndinayang'anitsitsa, anadula pomwe ine ndikanadula.

Chachiwiri ndi mwana wanga. Ndi mmodzi yekhayo. Amakonza makina kumgodi, kutali, basi imayenda usiku wonse ndi tsiku lake. Amayi ake ali moyo, iwo ndiwo anali waya pakati pa iye ndi ine. Iye ankauza amayi ake, amayi ake n'kundiuza ine. Atamwalira tinangopezeka tilibe chokamba. Sitinayambane ayi. Kungoti, "Muli bwanji?" "Ndili bwino." "Mvula?" "Ikugwa." Basi, foni n'kuzizira m'manja.

Sewero ili ndilo linatitola. Gawo lililonse limayamba ndi yankho la mlandu wa sabata yatha, n'kutha ndi mlandu watsopano. Ndiye tinapangana: aliyense amatchula amene akuganiza kuti ndi wolakwa. Yankho likatuluka, wolephera ndiye amaimba foni. Wopambana amangokhala mwendo pamwamba pa unzake, kudikira. Tikalephera tonse amaimba iye, poti ndi mwana. Chiyambireni ine sindinaimbepo. Mutu wa mnyamata ameneyu umagwira pa makina pokha.

Lolemba

Andilowetsa kachingwe ka kamera m'mphuno mpaka kukhosi. Anayamba apopera mankhwala a dzanzi, owawa ngati ndulu. Adula kachidutswa, atumiza kokayeza.

Dokotala anayang'ana pakanema wake nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndili ndi ana. Funso limenelo sindinalikonde.

Lachiwiri

Kamphepo ndimupepese, rimoti anabweretsa yekha. Anyamata a kumapeto kwa wodi ankafuna mpira, koma Aphunzitsi anangowayang'ana pamwamba pa magalasi, onse zii.

Mlandu wa sabata yatha unali wa chigayo chimene chinapsa. Ine ndinati anayatsa ndi mkazi wa mwini wake, mwana wanga anati ndi mlonda. Anali mkaziyo. Mlandu watsopano ndi uwu: mwini sitolo ya mipando wapezeka atafa m'galimoto yake. Okayikiridwa ndi mlamu wake, kalaliki wake ndi mkazi wake wachiwiri. Pomwe limatha, wodi yonse inali itagawikana, ndi a mpira aja omwe.

Foni inalira nyimbo yotsekera isanathe. Ndinakweza dzanja, Aphunzitsi anati, "Shii!" Kondakitala anaponya thaulo mu sinki kuti dontho lisamveke.

"Bambo, mwandigwiranso."

"Udzakula liti iwe? Mlonda angawotche chigayo chimene chimamudyetsa?"

"Mawu anuwo bwanji? Akunka nasasa."

"Utsi. Ndili ndi geti lalikulu la kusukulu."

"Muzivala chotchinga pamphuno chija ndinakugulirani."

"Usandiphunzitse ntchito. Wa mipandoyu wamupha ndani?"

"Kalaliki."

"Mlamu wake, iwe! Sunaone m'mene amapukutira manja?"

Tinakangana mpaka khosi linayamba kuyaka. Wina kumapeto anayamba kusanza. Mwana wanga anafunsa ngati ndili ndi alendo, ndinati ndi TV.

Aphunzitsi anaseka, koma mlongo wanga sanaseke nawo. Anangoti, "Achimwene, bodza ili lidzakubwererani."

Lachinayi

Dzulo sindinalembe, ndinali ndi malungo pang'ono.

Zotsatira zabwera. Khansa ya kholingo. Dokotala anakoka mpando n'kujambula khosi papepala. Chotupa chakula, chayamba kutseka njira ya mpweya. Achotsa kholingo lonse. Ndizipumira pakabowo ka pakhosi. Ndinalemba kuti, "Nanga mawu?" Anati mawu awa ndili nawowa apita ndi kholingolo. Ena amaphunzira kuyankhula mwa njira ina, ndi kamakina kapena ndi mpweya wa kummero, koma zimatenga nthawi, ndipo si mawu omwewa. Opaleshoni ndi Lachinayi likubwerali. Akachedwa, tsiku lina ndidzangobanika.

Mlongo wanga anatuluka panja, anabwera maso ali psu.

Latsala Lachiwiri limodzi.

Lachisanu

Ndaganiza. Kuyambira lero sinditulutsa liwu ngakhale limodzi, ndisunga onse mpaka Lachiwiri. Sewero likatha padzakhala wolephera, kaya iye kaya ine, foni idzalira basi. Tidzayamba ndi mlamu ndi kalaliki, pakamwa pakatentha ndidzamuuza. Ndikufuna amve kwa ine, ndi mawu anga, osati kwa azakhali ake akulira pafoni. Ndipo pali zina zoti ndimuuze zimene sindinanenepo, zoti ndizinene ndisanakhale munthu wa kope.

Ndamuonetsa mlongo wanga zimenezi. Wati, "Achimwene, imbani lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo."

Ndalemba, "Sindinalephere. Ndiimbiranji?"

"Mufa ndi matama inu."

Si matama okha. Popanda sewero sindidziwa poyambira. Ndingati, "Muli bwanji, mvula ikugwa, akundidula khosi"? Ndikufuna Inspekita ayambe wanditsegulira chitseko, ine ndilowe pambuyo pake.

Loweruka

Phala lakana. Andiika diripi kudzanja lamanzere. Ndikamapuma pakumveka kakhweru. Mankhwala a ululu m'mawa ndi madzulo, ena ochepetsa kutupa.

Kamphepo akafunsa za ululu ndimamuonetsa zala. Aphunzitsi andiyesa dala, andifunsa mwadzidzidzi kuti nthawi ili bwanji. Ndawaonetsa wotchi. Sindiwononga mawu anga pa iwo.

Ndakonza zoti ndidzanene. Zinali zambiri, ndafafaniza, zatsala zitatu. Za matendawa. Zoti makina owotcherera asagulitse, ndi abwino, kungoti waya wake ndi wofunika kusintha. Chachitatu sindilemba muno, mlongo wanga amasuzumira.

Lamlungu

Mlongo wanga wandipweteka lero kuposa singano zonse za muno.

Amandipukuta kumsana. Aphunzitsi anamuuza kuti achimwene ake ndi katswiri, sanalepherepo kwa mwana wawo. Iye anafinya thaulo n'kunena kuti, "Katswiri wa chiyani? Mwana amene amamasula injini ya chigalimoto cha kumgodi n'kuimanganso, mukuti angalephere sewero sabata iliyonse, zaka zonsezi? Amalephera dala, achimwene. Amasankha munthu wolakwika kuti apeze chifukwa chokuimbirani. Akudziwa kuti akapambana, inu mudzakhala pamenepo mpaka foni kuchita dzimbiri."

Ndinalanda kope kuti ndimulembere zoti sadzaiwala. Cholembera chili m'manja ndinakumbukira sabata ina imene anasankha agogo osaona, oyendera ndodo, kuti ndiwo anakwera mpanda n'kuba njinga yamoto. Ndinamuseka sabata yathunthu, ndinauza ndi anyamata a kushopu omwe.

Ndinatseka kope. Ndinatembenukira kwa Kondakitala, amene sangafunse mafunso.

Lachiwiri lifike msanga.

Lolemba

Ajambula pachifuwa, ayeza mtima, atenganso magazi. Wa mankhwala ogonetsa anabwera kudzandifunsa ngati ndili ndi mano ogwedera. Ndasaina.

Anabweretsanso bambo wina amene anamuchita opaleshoni yomweyi, kuti andilimbitse mtima. Ndi wonenepa bwino, pakhosi amavala kansalu. Amaika kamakina pansi pa chibwano n'kumayankhula. Mawu ake ali ngati njuchi m'chitini. Anati ali ndi zidzukulu, amalima, amayendetsa galimoto. Munthu wabwino. Atapita ndinafunda bulangete kumutu.

Kakhweru kaja kakula. Kugona chagada sindingathe.

Mawa.

Lachiwiri

Mlongo wanga anandimeta ndevu, ngati munthu amaoneka pafoni. Ndinapempha madzi otentha m'beseni, ndinafunda thaulo, ndinapuma nthunzi kuti khosi lifewe. Foni ndinaitchaja yodzaza. Wodi yonse inatembenuza mapilo kuyang'ana kukona. Aphunzitsi anali kumbali ya mkazi wachiwiri, Kondakitala kumbali yanga.

Nthawi itakwana panabwera mpikisano woimba. Mtsikana wa tsitsi lofiira, magetsi aphethiraphethira, oweruza atatu akuwomba m'manja. Ndinati Kamphepo walakwitsa tchanelo. Kondakitala anatenga rimoti, anazungulira onse, anabwerera pomwepo. Kenako kunsi kwa kanema kunayamba kudutsa timalemba, Aphunzitsi n'kuwerenga mokweza monga mwa chizolowezi chawo. Akuti sewero la apolisi silidzaonetsedwanso, akupepesa kwa onse olikonda.

Uthengawo unadutsa kachiwiri. Aphunzitsi sanawerengenso.

Ndinaika foni pachifuwa. Ndinati aimba, aimba kudzadandaula. Koma aimba bwanji? Palibe walephera. Mlamu sanagwidwe, kalaliki sanagwidwe. Lamulo tinapanga tokha, ndipo mwanayo ndi wanga, kuuma mutu anatengera ine.

Mtsikana uja anapambana. Anazimitsa TV. Foni sinalire.

Lachitatu m'mawa

Zili m'nyuzipepala ya Aphunzitsi, kankhani kakang'ono pansi pa chithunzi cha feteleza. Akuti oonera anali ochepa, otsatsa malonda anathawa. Gawo la yankho sanajambule n'komwe, osewera anangowauza kuti apite kwawo.

Ochepa? Anawerenga ndani? Anabwera muno kudzaona amuna a machubu m'mphuno akukangana za mlamu? Anapita kumgodi kukaona mwana wanga atakhala m'kantini ndi ovolosi yamafuta? Ine geti sindinalisiyepo lopanda loko n'kuuza mwini wake kuti ndikupepesa. Ukayamba ntchito umamaliza. Akanatipatsa gawo limodzi lokha, Inspekita amange munthu wake, avule jekete lija, apite kwawo ngati munthu.

Ngati alipo wina mwa amene ankapanga sewero limeneli amene adzamve za ine, adziwe izi. Munkagwira ntchito yabwino. Simunkatiyesa opusa. Mdala wa jekete uja, mayi wa nsapato m'manja uja, ndinkawadikira ngati abale. Munandipatsa mwana wanga Lachiwiri lililonse, chinthu chimene ine bambo wake ndinalephera kudzipatsa ndekha. Zikomo. Koma mwandisiya pamtunda, sabata imene ndinakufunani kuposa zonse.

Andiuza kuti kuyambira usiku uno ndisamwe kanthu. Mlongo wanga waika foni pabulangete, pafupi ndi dzanja langa, n'kupita kukachapa.

Ndikuopa kuimba kuposa mpeni wa mawa.

Lachitatu madzulo

Ndinaimba nthawi ya alendo, kuti phokoso lindibise. Inangolira kamodzi.

"Bambo? Mwaimba inuyo? Kwagwanji?"

Ndinatsegula pakamwa. Mawu aja ndinasunga chisungireni Lachisanu, amene sindinapatseko namwino, Aphunzitsi ngakhale mlongo wanga. Panatuluka mpweya wokha, ngati paipi ya gasi yobowoka.

"Halo? Bambo? Sindikukumvani. Dikirani ndituluke, makina akusokosa."

Ndinamva akuthamanga, chitseko chachitsulo, kenako bata.

"Nenani tsopano, Bambo."

Ndinakankha ndi mphamvu zonse, ndi mimba yomwe. Chinabwera ndi chifuwa, ndi timagazi pathaulo. Dzina lake lokha, ndinayesa dzina lake lokha. Palibe.

Mlongo wanga anachotsa foni m'manja mwanga mofatsa n'kutuluka nayo pakhonde. Ndinamumva akulira, ndendende zimene ndinkakana. Kamphepo anabwera kudzandikhazika tsonga. Ndinamulembera kuti, "Ndinawasunga. Apita kuti?" Anati, "Bambo, chotupa sichidikira. Mukanayankhula kapena osayankhula, chinali kukula basi." Ndiye kuti Lachisanu analipo. Loweruka mwina analipo. Ndinakhala nawo chete pano, ndikuonetsa Aphunzitsi wotchi.

Mlongo wanga anabwerera. "Akuti ndikuikireni foni pakhutu."

Mwana wanga anali akupuma ngati wakwera phiri.

"Bambo, musavutike kuyankhula. Muzigogoda foni ndi chala. Kamodzi ndi eya, kawiri ndi ayi. Mwamva?"

Ndinagogoda kamodzi.

"Akukusamalani bwino?"

Kamodzi.

"Ndikukwera basi ya madzulo ano. Ndifika mawa dzuwa likulowa. Sangadikire?"

Kawiri.

Ndinamva galimoto ikudutsa kumene anali.

"Dzulo ndinagwira foni, Bambo. Ndinati ndikaimba popanda chifukwa mudzandiseka."

Pamenepo panalibe chogogoda. Ndikanamusekadi.

"Munali ndi zoti mundiuze?"

Kamodzi.

"Zambiri?"

Kamodzi. Zinali zitatu zokha, koma chala sichidziwa kunena zimenezo.

Kenako anafunsa chimene palibe anandifunsapo chibadwire, ngakhale amayi ake.

"Mukuopa, Bambo?"

Chala chinaima m'malere. Aphunzitsi anali atabisala kuseri kwa nyuzipepala, Kondakitala akuyang'ana kudenga, mlongo wanga wagwira foni pakhutu panga.

Ndinagogoda kamodzi.

"Inenso," anatero.

Lachinayi

Osadya, osamwa. Andimeta pakhosi ndi pachifuwa, andiveka chovala chomanga kumbuyo. Kuthamanga kwa magazi kwakwera pang'ono, akuti palibe vuto.

Mlongo wanga akuti basi yadutsa theka la njira.

Ndayesanso dzina lake pansi pa bulangete. Silinatuluke.

Abwera kudzanditenga.